WAGANYU AMANGE NYUMBA, KOMA MAKIYI AKHALE NDI MWINI WAKE

Mau Oyamba

Abale ndi alongo a m'malimana a ku Chileka, Lunzu, Lirangwe ndi madera onse ozungulira, m'phunziro lino tikambirana nkhani imene poyamba ingaoneke ngati ya anthu a m'tauni okhaokha. Sukulu ya ukachenjede, kapena nthambi imodzi ya sukuluyo, ikafuna kukhala ndi tsamba la pa intaneti, kawirikawiri imalemba ntchito kampani yapadera kuti ilikonze. Kodi ntchito yotereyi iyenera kuperekedwa motani? Nanga ikatha, mwini wake wa tsambalo amakhala ndani?

Nkhaniyi ikutikhudza pa zifukwa zitatu. Choyamba, sukulu za ukachenjede za boma zimayendera ndalama za misonkho, ndipo msonkho timapereka tonse, ngakhale ife amene sitili pa ntchito yolembedwa. Tikagula malata, simenti kapena mayunitsi a foni, boma limatengapo gawo lake. Chachiwiri, masiku ano mwana amene wakhoza mayeso a Fomu 4 amafunsira malo ku sukulu za ukachenjede za boma kudzera pa intaneti, ku bungwe la NCHE, ndipo zambiri zokhudza fizi, ngongole ya maphunziro ndi tsiku lotsegulira sukulu amaziona pa foni. Tsamba likakhala ndi uthenga wakale kapena likafa, wovutika ndi mwana wa ku Lirangwe amene alibe mbale m'tauni woti akamufunsire ku ofesi. Chachitatu, mfundo zoyendetsera ntchito imeneyi ndi zomwezo zimene timafuna pokumbitsa mjigo kapena pomangitsa chipinda chophunziriramo kwathu kuno.

1. Kodi tsamba la pa intaneti n'chiyani?

Tonse timalidziwa bolodi la zidziwitso limene limakhala pakhomo la ofesi ya a hedi kapena pakhonde la tchalitchi. Tsamba la pa intaneti ndi bolodi lotero, kusiyana kwake n'kwakuti munthu amaliwerenga ali kutali, pa foni kapena pa kompyuta, usana ngakhale usiku. Nthambi ya sukulu, tinene ya zomangamanga kapena ya uphunzitsi, imalembapo maphunziro amene imaphunzitsa, mayina a aphunzitsi, zoyenereza munthu kuti alowe, ndi mafomu ofunsira malo.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiyerekeze tsambali ndi nyumba. Lili ndi zinthu zisanu.

(a) Dzina. Ili ndi dzina limene munthu amalemba pa foni kuti afike pa tsambalo. Mayina a kuno ku Malawi amathera ndi zilembo za .mw, a sukulu za ukachenjede amathera ndi.ac.mw, pamene a boma amathera ndi .gov.mw. Dzina limalembetsedwa m'kaundula ndipo limalipiridwa nthawi ndi nthawi. Lili ngati chikalata cha umwini wa malo: amene dzina lake lidalembedwa m'kaundulamo ndiye mwini.

(b) Malo. Tsamba limasungidwa m'kompyuta yaikulu yosazima imene akatswiri amaitcha seva. Sukulu ikhoza kukhala ndi seva yakeyake, kapena kuchita lendi kwa kampani ina. Lendi ikapanda kulipiridwa, tsamba limatsekedwa.

(c) Mapulani ndi zomangira. Iyi ndi pulogalamu ya kompyuta imene mmisiri walemba kapena wasonkhanitsa. Popanda pulogalamuyi, mmisiri wina sangathe kukonza kapena kuwonjezera chipinda.

(d) Makiyi. Awa ndi mau achinsinsi olowera mkati mwa tsamba. Amene ali nawo akhoza kulemba, kufufuta, ngakhale kutsekera ena kunja.

(e) Katundu wa m'nyumba. Izi ndi nkhani, zithunzi, ndiponso mbiri za ophunzira monga mayina, manambala a foni ndi zotsatira za mayeso.

Zinthu zisanu zonsezi ziyenera kukhala m'manja mwa sukulu. Mavuto ambiri amene tikambe m'munsimu amayamba pamene chimodzi mwa izo chatsalira kwa waganyu.

2. Mayina amasintha, ntchito siitha

Sukulu ya ukachenjede ya Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 ndipo ophunzira oyamba adalowa mu 1965 ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre. Kwa zaka zambiri idali sukulu imodzi yokhala ndi makoleji angapo. Mu 2012 koleji ya Bunda idachoka n'kukhala LUANAR. Pa 4 Meyi 2021 yotsalayo idagawidwanso patatu: Chancellor College ya ku Zomba idatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic ya ku Blantyre idasanduka MUBAS, ndipo koleji ya madokotala ndi ya anamwino zidaphatikizana kukhala KUHeS.

Dzina la sukulu likasintha chotere, chikwangwani cha pamsewu chimasintha, ndipo dzina la tsamba la pa intaneti, maadiresi a makalata a pa kompyuta ndi mayina a nthambi nazo zimayenera kusintha. Apa tikuphunzirapo kuti tsamba sali ngati mpando umene kalipentala akakhoma wathana nawo. Lili ngati munda: chaka ndi chaka umafuna kupalira. Aphunzitsi amapuma pa ntchito, fizi imakwera, maphunziro atsopano amayamba. Choncho pamene akuluakulu a nthambi akuganiza zolemba ntchito kampani, funso lalikulu ndi lakuti: nanga kampaniyo ikadzachoka, adzapalira ndani?

3. Kodi n'kulakwa kulemba munthu wakunja?

Iyayi, sikulakwa. Ngakhale m'mudzi mwathu, munthu wodziwa kuumba njerwa amaitana mmisiri wina kuti adzakhome denga. Kampani imene ntchito yake ndi kukonza masamba ikhoza kumaliza msanga ndiponso mwaluso kuposa mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza.

Komabe nthambi isanatuluke kunja iyenera kufunsa kaye m'nyumba, pakuti safunsa adadya phula. Sukulu za ukachenjede zimakhala ndi ofesi yoona za makompyuta, ndipo zina mwa izo zimaphunzitsa ukatswiri umenewu. Mwina tsamba lalikulu la sukulu lili kale ndi malo amene nthambi ingagwiritse ntchito popanda kulipira kanthu. Nthambi ikangodzimangira tsamba lakelake kuseri, osadziwitsa ofesi imeneyi, pamabuka zovuta ziwiri. Uthenga umasemphana, kotero kuti tsamba lina likunena tsiku ili pamene lina likunena tsiku lina. Komanso anthu amazolowera kukhulupirira masamba a mayina achilendo, ndipo pamenepo akathyali amapeza mpata wotsegula tsamba lonamizira ndi kuuza makolo kuti atumize ndalama pa foni pogula malo.

Tsono chinthu choyamba ndi kulemba pa pepala chimene chikufunika. Kodi tsambali ndi la yani, ophunzira, makolo kapena ofufuza a kunja? Lidzakhala ndi zigawo zingati? Lidzalandira mafomu ndi ndalama, kapena ndi longowerenga chabe? Munthu amene sadziwa nyumba imene akufuna amalandira iliyonse imene mmisiri wamumangira, ndipo alibe podandaulira.

4. Lamulo likuti chiyani pa kaperekedwe ka ntchito?

Ndalama za boma sizigulidwira zinthu monga momwe munthu amagulira ndi ndalama za m'thumba mwake. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyendetsera kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma. Mu 2017 lamulo lina lidalowa m'malo mwake ndipo lidabweretsa bungwe la PPDA, loyang'anira kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma. Malamulowa amaunikidwanso nthawi ndi nthawi, koma mfundo zake zazikulu ndi izi.

Poyamba, ntchito siiperekedwa ndi munthu mmodzi. Unduna, khonsolo kapena sukulu ya boma imakhala ndi komiti yogula zinthu, ndipo zimene komitiyo yagwirizana zimalembedwa.

Kachiwiri, pamakhala mpikisano. Ntchito ikakhala yaikulu imalengezedwa poyera kuti aliyense woyenera apikisane nawo. Ikakhala yaing'ono, amafunsa mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu. Kupereka ntchito kwa kampani imodzi popanda mpikisano kumaloledwa pa zifukwa zapadera zokha, ndipo zifukwazo ziyenera kulembedwa.

Kachitatu, muyeso woyesera opikisana umanenedwa ntchito isanalengezedwe, osati makalata atatsegulidwa kale. Wotchipa kwambiri sapambana nthawi zonse. Amapambana amene wakwaniritsa zonse zofunika pa mtengo wabwino. Ndi nzeru kupita kukaona ntchito zimene kampaniyo idagwirapo kale ndi kufunsa eni ake ngati zikugwirabe.

Kachinayi, wa m'komiti amene ali pa chibale kapena pa malonda ndi mmodzi mwa opikisana ayenera kuulula ndi kutuluka m'chipinda pamene nkhaniyo ikukambidwa.

Njira zozembera mfundozi timazidziwa. Ena amabweretsa makalata atatu a mitengo okhala ndi mayina osiyana, chonsecho onse alembedwa ndi dzanja limodzi. Ena amaduladula ntchito yaikulu m'tizidutswa kuti isafike pa mlingo wolengezedwa poyera. Ena amachedwetsa dala mpaka nthawi itatha, kenaka n'kunena kuti ndi zadzidzidzi, palibe nthawi ya mpikisano. Ntchito za makompyuta zimakopa chinyengo chotere chifukwa sizioneka ndi maso. Matumba a simenti munthu akhoza kuwawerenga, koma ndi anthu ochepa amene angadziwe ngati mtengo wa pulogalamu ndi woona. N'chifukwa chake m'komiti muyenera kukhala munthu wodziwa makompyuta amene sali kumbali ya wogulitsa.

5. Zoyenera kulembedwa mu mgwirizano

Pangano la pakamwa limatha ndi mphepo. Mgwirizano wolembedwa ndi wosainidwa uyenera kunena momveka zinthu zotsatirazi.

Umwini. Dzina la tsamba lilembetsedwe m'dzina la sukulu, osati la kampani kapena la wogwira ntchito mmodzi. Pulogalamu, zithunzi ndi zolemba zonse zikhale za sukulu ikangomaliza kulipira.

Makiyi. Mau achinsinsi aakulu aperekedwe kwa sukulu pa tsiku lolandira ntchito, ndipo sukulu iwasinthe tsiku lomwelo, monga momwe munthu wogula nyumba amasinthira maloko. Asungidwe ndi anthu oposa mmodzi, kuti wina akasamuka kapena akamwalira, ntchito isaime.

Zomangira zodziwika. Pali mapulogalamu omangira masamba, monga WordPress ndi Drupal, amene ndi aulere ndipo amisiri ambiri amawadziwa. Tsamba lomangidwa ndi zoterezi mmisiri wina akhoza kulipitiriza. Koma lomangidwa ndi pulogalamu yachinsinsi ya kampani imodzi limamangirira sukulu kwa kampaniyo, ndipo chaka chilichonse mtengo amatchula ndi iwo.

Kalipiridwe. Ndalama ziperekedwe m'magawo molingana ndi ntchito imene yaoneka. Gawo lotsiriza lisungidwe mpaka tsamba litayesedwa kwa miyezi imene mwagwirizana. Amene walandira zonse ntchito isanathe sayankhanso foni.

Kuyesa. Tsamba lisayesedwe pa kompyuta ya mu ofesi yokha. Liyesedwe pa foni yotchipa, kumalo kumene netiweki imavuta, monga m'midzi ina ya kwa Kunthembwe kapena kwa Chigaru. Tsamba lodzaza zithunzi zikuluzikulu limakongola pa chionetsero cha mabwana, koma limamaliza bandulo ya mwana wosauka asanaone fomu imene akufuna. Aganiziridwenso anzathu osaona amene amagwiritsa ntchito makina owawerengera, ndiponso makolo amene angakonde kuwerenga za fizi m'Chichewa.

Maphunziro. Kampani iphunzitse anthu a pa sukulupo kusintha uthenga okha, ndipo isiye buku la malangizo.

Chisamaliro ndi mtengo wake. Walira mvula walira matope. Lendi ya seva, malipiro a dzina, kukonza zikaonongeka ndi kusunga kope ya zonse pamalo ena, zonsezi zimafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo ziyenera kudziwika pachiyambi pomwe.

Chinsinsi cha anthu. Kuyambira mu 2024 dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makina. Kampani isaloledwe kugulitsa kapena kusunga mayina ndi manambala a ophunzira ntchito ikatha.

Polekana. Mgwirizano unene chimene chidzachitike mbali ziwirizi zikadzasemphana: katundu adzabwezedwa m'masiku angati, m'njira yotani, ndipo adzaweruza ndani. Anthu ambiri amachita manyazi kukamba za kulekana pa tsiku la chinkhoswe, koma pa ntchito ya boma ndime imeneyi ndiyo yofunika koposa.

6. Zimene dziko lathu lidaona

Wina angaganize kuti tikukulitsa nkhani yaing'ono. Tiyeni tione zimene zidachitika pa ntchito zazikulu za makompyuta, pakuti matenda ake ndi amodzi.

M'chaka cha 2019 boma lidasainirana mgwirizano ndi kampani ya Techno Brain, wa ndalama zokwana madola 60.8 miliyoni a ku America, kuti ikhazikitse makina atsopano opangira mapasipoti. Mu Disembala 2021 mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo, a Thabo Chakaka Nyirenda, adathetsa mgwirizanowo ponena kuti sudayende mwa ndondomeko. Kumayambiriro kwa 2024 makinawo adaima ndipo mapasipoti adaleka kutuluka. Pa 21 Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowerera makinawo ndipo ankafuna dipo. Anthu ena adatsutsa zimenezi, ndipo kampani ija idakana kuti idali ndi mbali pa vutolo. Kusindikiza kudayambiranso mu Malichi 2024.

Kuweruza mlandu umenewu si ntchito ya phunziro lino. Chimene tonse tidaona ndi chakuti kwa masabata angapo dziko loima palokha lidalephera kupatsa nzika zake chiphaso choyendera. Ife a ku Chileka, amene timaona ndege zikunyamuka pamwamba pa madenga athu ndipo tili ndi ana ambiri ku Joni, tikudziwa tanthauzo lake: wamalonda adaima, wodwala wofuna chithandizo kunja adadikira, wophunzira amene adapeza mwayi adada nkhawa. Mgwirizano ukamatha, mwini ntchito ayenera kukhala atagwira kale makiyi, ziphaso za pulogalamu, kope ya mbiri zonse, ndi anthu ake odziwa kuyendetsa makinawo.

Chitsanzo chachiwiri ndi mlandu wa kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill, umene udatchuka ndi dzina loti Cashgate ndipo udaululika mu Seputembala 2013. Boma linkalipira ndalama kudzera m'makina a kompyuta otchedwa IFMIS. Anthu ena ankalemba m'makinamo kuti kampani yakutiyakuti yagwira ntchito, cheke n'kutuluka, kenaka n'kufufuta zolembazo, chonsecho palibe ntchito imene idagwiridwa. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2013. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo ululu wake udafika mpaka m'zipatala ndi m'sukulu za kumudzi. Apa phunziro ndi lina: kukhala ndi makiyi sikokwanira, payeneranso kudziwika amene watsegula chitseko, nthawi yake ndi chimene watulutsa.

Tisaganize kuti izi zimachitika m'maiko osauka okha. Pa 1 Okutobala 2013 boma la America lidatsegula tsamba la HealthCare.gov loti anthu azilembetserapo inshuwalansi ya chipatala. Makampani ambiri adagawana ntchitoyo ndipo ndalama zidalipo zochuluka, koma tsambalo lidalephera kuyambira tsiku loyamba ndipo padapita pafupifupi miyezi iwiri lisanayambe kuyenda bwino. Ofufuza adapeza kuti kumbali ya boma kudalibe utsogoleri womveka woyang'anira makampaniwo, ndiponso kuti tsambalo silidayesedwe mokwanira. Ntchito ikhoza kuperekedwa kwa waganyu, koma udindo woyang'anira umatsala ndi mwini munda.

7. Tibwere nazo kwathu

Ambiri a ife sitidzakhala m'komiti ya sukulu ya ukachenjede. Koma tili m'makomiti a sukulu za pulayimale, a makolo ndi aphunzitsi, a mijigo, a chitukuko cha m'mudzi ndi cha m'dera, ndiponso m'makhonsolo a tchalitchi. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana adasefukira m'sukulu, ndipo m'zaka zotsatira, pansi pa thumba la MASAF, midzi yambiri idaphunzira kusankha komiti, kusunga ndalama ku banki ndi kulemba okha amisiri. Kuyambira mu 2006 kudabweranso thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF. Choncho kulemba kontirakitala si nkhani yachilendo kwa ife. Anthu a ku Lirangwe, amene adadikira kwa zaka zambiri msewu wopita ku Chingale, akudziwa kuti kuika mwala wa maziko ndi kumaliza ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mjigo umatiphunzitsa bwino koposa. Mijigo yambiri ya m'midzi mwathu ndi ya mtundu wa Afridev, umene udapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuutsegula ndi kusintha tizipangizo take okha, popanda kudikira galimoto ya boma. Kumene komiti idaphunzitsidwa, idalandira sipanala ndipo imasonkhetsa kandalama ka mwezi ndi mwezi, madzi amatuluka. Kumene okumba adangokumba n'kupita, mjigo umafa chifukwa cha kalabala kakang'ono, amayi n'kubwerera kudambo. Tsamba la pa intaneti ndi chimodzimodzi.

Ndiponso makina akufika kale pakati pathu. Masukulu ndi maparishi ena akutsegula masamba pa Facebook, magulu a banki m'khonde akusunga ndalama pa foni, ndipo mabungwe a alimi akulemba mamembala awo pa kompyuta. Kawirikawiri timapempha mnyamata mmodzi wodziwa za foni kuti atitsegulire, iye n'kugwiritsa ntchito nambala yake ndi mau ake achinsinsi. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene wapita kukafuna ntchito kutali kapena wayambana ndi komiti. Mutu umodzi susenza denga. Nambala ikhale ya gulu, oyang'anira akhale awiri kapena atatu, ndipo zonse zilembedwe m'buku la mlembi.

8. Ufulu wathu ndi udindo wathu

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tidawalandira mu 1994, amaphunzitsa kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo onse amene ali pa maudindo angosungitsidwa mphamvuzo. Munthu wosungitsidwa katundu sakwiya mwini wake akafunsa. Pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma lidayamba kugwira ntchito. Motero tili ndi ufulu wolembera kalata khonsolo ya boma la Blantyre, sukulu ya boma kapena unduna, kufunsa kuti ntchito yakutiyakuti idapatsidwa kwa yani, pa mtengo wanji ndiponso idzatha liti.

Pofunsa tiyambe kufupi: kwa wapampando wa komiti, kwa a hedi, kwa khansala, kwa mfumu. Tifunse mwaulemu, tili gulu, ndipo tisunge kope ya kalata yathu. Tikaona zizindikiro za ziphuphu, kuli bungwe lothana ndi katangale la ACB, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Tikaona kuti ofesi ya boma yatichitira zosalungama, kuli ofesi ya Ombudsman. Komiti ya chilungamo ndi mtendere ya m'parishi ikhoza kutithandiza kulemba ndi kutiperekeza. Koma tisanamizire munthu popanda umboni, pakuti kuipitsa mbiri ya mnzathu nakonso ndi tchimo.

Ana athu amene ali m'sukulu za ukachenjede nawo ali ndi mbali yawo. Akaona kuti tsamba la nthambi yawo lili ndi uthenga wa zaka zapitazo, kapena mafomu sakutseguka, adziwitse mkulu wa nthambi kapena bungwe la ophunzira. Akatero athandiza mng'ono wawo amene akubwera m'mbuyo.

Pomaliza tidziyang'anenso tokha. Ena mwa ife ndife amisiri ndi makontirakitala. Mkhristu amene wapatsidwa ntchito aigwire yonse, atchule mtengo woona, ndipo ikatha apereke makiyi popanda kubisako ena kuti adzamufunenso mawa. Nawonso olemba ntchito alipire mmisiri pa nthawi yake. Makampani ang'onoang'ono ambiri a achinyamata athu amagwa chifukwa chodikira malipiro kwa miyezi yambirimbiri, ndipo kumana wantchito malipiro ake ndi kupanda chilungamo kofanana ndi kuba simenti.

Mau Otsiriza

Taona kuti kulemba ntchito munthu wakunja sikulakwa, malinga ngati mwini ntchito akudziwa chimene akufuna, wapereka ntchitoyo poyera, walemba mgwirizano womveka, walipira molingana ndi zimene zaoneka, ndipo watsala ndi makiyi pamodzi ndi anthu odziwa kusamalira. Katundu wa boma ndi wa tonse, ndipo ife tidangosungitsidwa kuti tidzasiyire ana athu. Tiyeni tsono tikhale maso m'makomiti mwathu, tiyambire pa zazing'ono zimene zili pafupi nafe.

Mafunso Okambirana m'Malimana

1. Tchulani ntchito imodzi ya chitukuko m'dera lanu imene idapatsidwa kwa kontirakitala. Adamusankha ndani, ndipo adamusankha motani? Kodi alipo pakati panu amene adaona mgwirizano wake?

2. Kodi makiyi, mabuku a ndalama, manambala a foni ndi mau achinsinsi a gulu lanu amasunga ndani? Munthu ameneyo atachoka mawa, ntchito ingapitirire?

3. Wapampando wa komiti ali ndi mphwake amene ndi mmisiri waluso ndiponso wotchipa. Kodi komiti ichite chiyani kuti chilungamo chichitike kwa onse?

4. N'chifukwa chiyani ambiri a ife timaopa kufunsa za ndalama za chitukuko? Tingathandizane bwanji kuthetsa mantha amenewa?

5. Gwirizanani chinthu chimodzi chimene limana lanu lichite mwezi uno, ndipo musankhe anthu awiri odzapereka lipoti pa msonkhano wotsatira.